Madibi a Baa Imodzi ku Chikwa

Ntchito yanga yoyamba ya zamagetsi sindinaifunsire ndi kalata. Inandipeza pamsika wa ku Chama, nditagwada pansi pa tebulo la ometa tsitsi, ndikukonza soketi imene inkanunkha pulasitiki yopsa. Ndinali nditamaliza kosi ya zamagetsi ku Chipata chaka chapitacho, satifiketi ili m'sutikesi pansi pa zitenje, ine ndikuthandiza amayi kugulitsa mpunga. Anthu a pa boma ankandidziwa ngati Esinati wokonza maayironi. Ayironi, ketulo, chaja ya foni, zimenezo ankandibweretsera. Koma pa kuwaya nyumba ankaitana amuna, ngakhale amuna amene ndinkawadziwa bwino kuti amasenda waya ndi mano n'kukulunga ndi pepala la shuga.

Nditatuluka pansi pa tebulopo ndinapeza bambo wina wamtali, wa imvi, atavala ovolosi yosuluka, akundiyang'ana. Anali a Goma, kapitawo wa kampani ina yaing'ono yomanga nyumba. Anandifunsa ngati ndinalidi ndi pepala la kusukulu. Munthu wawo wa zamagetsi anali atathawira ku migodi, ndipo abwana a kampani, amene ankakhala ku Lusaka, ankafuna wina wa satifiketi msangamsanga. Panali nyumba zatsopano za aphunzitsi pa sukulu ina ya kumbali ya Chikwa. A Goma sanabise kuti akanakonda mwamuna. Anati kumeneko foni imagwira pa chulu pokha, bafa ndi la udzu, ndipo kutentha kwa Okutobala kumaliza ndi amuna omwe. Ndinawauza kuti ndinabadwira m'chigwa chomwechi, za kutentha asandiphunzitse.

Amayi sanasangalale. Anati mwana wamkazi kukagona kutchire ndi amuna omanga, anthu a kutchalitchi adzati chiyani. Ndinawakumbutsa kuti anthu omwewo ndi amene ankandifunsa Lamlungu lililonse ngati ku Chipata ndinakaphunzira kuyeza mpunga pa mbale. Mapeto ake anandikazingira mtedza wa paulendo n'kunena kuti zikakavuta ndisachite manyazi kubwerera.

Tinanyamuka pa kanta, lole yaing'ono ya kampani, ine nditakhala pamwamba pa matumba a simenti, chikwama cha zida chili pamiyendo. Munali pulayasi, sayidikata yodulira waya, masikuludilaiva, tesita, malitimita imene ndinagula ndili kusukulu, ndi sipulingi yopindira mapaipi a pulasitiki. Msewu wake umadutsa m'mitsinje ya mchenga yopanda milatho. Nyengo yotentha galimoto imangotsikiramo n'kutulukira tsidya linalo, koma dalaivala anandiuza kuti mvula ikayamba kanta siyesa n'komwe, anthu amawoloka wapansi njinga zili pamutu. Ntchito yonse inayenera kutha mitsinjeyo isanadzaze.

Amuna a kampani ankagona m'nyumba imodzi yosamalizayo. Ine aphunzitsi aakulu anandipereka kwa a Madamu Chanda, mphunzitsi wochokera ku Kabwe amene anatumizidwa kumeneko kumayambiriro kwa chaka. Ankagona m'sitolo ya kuseri kwa ofesi, momwe munkasungidwa madesiki othyoka ndi mabuku odyedwa ndi chiswe. Mileme inali itakhazikika kudenga, ndipo m'mawa uliwonse tinkakutumula zitosi zake pa neti ya udzudzu. A Madamu anasuntha katundu wawo n'kundipatsa mbali ya matiresi osandifunsa zambiri. Ankanditchula mufana wawo, ndiye kuti mng'ono wawo, ndipo ankandiseka kuti ndine mkazi woyamba amene anamuona akusunga pulayasi m'kachikwama ka mafuta odzola.

Anali ndi mwana mmodzi, Mapalo, wa zaka zitatu, amene anamusiya kwa amayi awo ku Kabwe. M'sitolo muja sakanamubweretsa. Mwanayo anali wa chifuwa, ndipo fumbi la mileme linkatitsokomoletsa ndi ife akuluakulu. Nyumba ya kumapeto, pafupi ndi pampu ya madzi, inali yoti ikhale yawo. Koma makiyi sakanaperekedwa mpaka ntchito yonse itatha, ndipo woyendera mawaya ataona n'kuvomereza. A Madamu anali atakonza zonse m'mutu mwawo: sukulu ikatsekera mu Disembala apita ku Kabwe, mu Januwale abwera ndi mwana kumsana, awoloka naye mitsinje n'kulowa m'nyumba yawoyawo. Makatani anali atasoketsa kale. Madzulo aliwonse ankapita kukasesa nyumbayo, ife mawa lake n'kumwazamonso fumbi la simenti, iwo n'kusesanso.

Loweruka madzulo tinkakwera limodzi pa chulu. A Madamu ankaimbira ku Kabwe, foni ataikweza m'mwamba kuti igwire. Mwanayo ankalankhula mawu pang'ono n'kuthawa kukasewera, iwo n'kutsala akuitana dzina lake mpaka agogo ake atatenga foni. Potsika ankaseka, amvekere ana a masiku ano ndi otanganidwa kuposa nduna, koma madzulo amenewo sankadya kwenikweni.

Ntchito yokha inali yolemetsa thupi kuposa mutu. Omanga anaiwala kusiya mapaipi m'makoma ena, choncho ndinkagoba khoma ndi hamala ndi tchizulo, kuika paipi, kumata, kenako kukoka mawaya: wofiira wa layivi, wakuda wa nyutulo, wobiriwira wa ethi. Kudenga, pakati pa malata ndi siling'i, ndinkakwerako m'bandakucha, chifukwa dzuwa likangokwera malata ankaotcha msana ngakhale osawakhudza. Manja ankatuluka thukuta mpaka sikuludilaiva kumaterereka. Ndodo za ethi tinkazikhoma m'nthaka youma ngati njerwa yootcha, kuthira madzi, kudikira, kukhomanso. Matuza a m'manja ankaphulika ena asanapole.

Masiku oyamba omanga ankanditchula injiniya, monyoza, ndipo azimayi opita kukatunga madzi ankaima kuonerera mkazi wa thalauza ali pa makwerero. Mmodzi anafunsa a Madamu ngati ndinakwatiwa. Atamva kuti ayi, anagwedeza mutu ngati wapeza chifukwa chake. A Goma sankayamikira munthu. Ankabwera pambuyo panga n'kumakoka waya aliyense amene ndamanga pa soketi, kuona ngati asololoka. Akapeza mkuwa ukuonekera kunja kwa sikuluwu ankangoloza ndi chala n'kuchoka. Kwa iwo ndinaphunzira kupinda nsonga ya waya wowonda kuti sikuluwu igwire bwino, ndi kusiya waya wa ethi wotalikirapo kuposa anzake kuti soketi ikadzakokedwa adzakhale womaliza kuchoka. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti anali munthu wosadziwa ntchito kapena woipa mtima.

M'chigwa muno tili ndi njira yathu yolimbanirana ndi kutentha. Masana timathira madzi pa simenti ya m'nyumba, kuwasiya afalikire, n'kuyala chitenje ponyowapo. Nsapato palibe amavala. A Madamu anaphunzira zimenezi kwa amayi a m'mudzi ndipo anazikonda kuposa eni ake. Tikagona choncho, misana ili pozizira, ankandiuza za Mapalo, kuti amakonda madzi ngati bakha, kuti akadzafika azidzangogubuduka pansi ponyowa tsiku lonse. Ine ndinkavomera ndi mphuno, tulo tikundigwira.

Vuto ndinaliona tsiku limene ndinatsegula makatoni a madibi. Dibi ndi bokosi lachitsulo la pakhoma momwe mumakhala mabuleka, ndipo mawaya onse a m'nyumba amathera mmenemo. Dibi yabwino imakhala ndi tizitsulo tiwiri ta mabowo ndi masikuluwu, timene timatitchula mabaa. Baa ya ethi imamangidwa pa bokosi lenilenilo, chitsulo kukhudza chitsulo. Baa ya nyutulo imaima pa timiyendo ta pulasitiki kuti isakhudze bokosi. Madibi amene abwana anagula anali ndi baa imodzi yokha, yomangidwa pa bokosi. Ndinakhuthula makatoni onse pansi, ya nyutulo munalibe.

Kwa amene sali m'ntchitoyi, nkhani yake ili chonchi. Nyutulo ndi njira imene magetsi amabwererera nthawi iliyonse imene chinthu chikuyaka. Ethi ndi njira ya tsiku la ngozi. Imangokhala chete, yolumikizidwa ku thupi la sitovu, la filiji, la ketulo, kudikira kuti waya wa layivi akadzakhudza chitsulo magetsi adzathawire kumeneko m'malo modutsa mwa munthu. Ziwirizi zimaloledwa kukumana malo amodzi okha, ku bokosi la mita kumene magetsi amalowera. Kuchoka pamenepo chilichonse chiyende chokha. Mukaziphatikiza m'dibi, magetsi obwerera amagawikana, ena n'kumayenda m'waya wa ethi ndi m'zitsulo za m'nyumba. Komanso waya wa nyutulo aliyense amafuna bowo lakelake pa baa. Mukapanikiza awiri pa sikuluwu imodzi, wina amagwidwa bwino, wina amangotsamira n'kumatentha pang'onopang'ono, ndipo tsiku limene munthu adzamasule mmodzi, winayo amachoka naye. M'dibi mumakhalanso swichi yotchedwa ethi likeji. Imayerekeza magetsi opita ndi obwerera, ndipo akasiyana pang'ono chabe, monga pamene ena adutsa m'thupi la munthu, imathimitsa nyumba yonse nthawi yomweyo.

Ndinawauza a Goma tsiku lomwelo, ndipo sanatsutse. Anakwera pa chulu n'kuimbira abwana. Abwana anati mabaa abwera ndi kanta ulendo wotsatira. Kanta inabwera ndi penti. Ulendo wina inabwera ndi zitseko. Ndinaimbira mlongo wanga kuti azungulire masitolo a pa boma, anangopeza mababu ndi maekisitenshoni, ndipo wogulitsa wina anamufunsa ngati chinthucho ndi cha njinga. Ine ndinamanga mawaya a ethi pa baa imene inalipo, pakuti kwawo n'komweko, ndipo a nyutulo ndinawaika zizindikiro, kuwakulunga tepi n'kuwasiya akulendewera. A Madamu ndinawauza kuti pali tizitsulo tikusowa. Anati tizitsuloto tibwera, Mulungu ndi wabwino, n'kupitiriza kusesa.

Novembala anatipeza titatheratu mphamvu. Ine ndinagona ndi malungo masiku angapo, a Madamu akundiphikira phala asanapite m'kalasi, akuchapa ndi ovolosi yanga yomwe. Omanga ena anali atathawa kale kukakonza minda. A Goma kwawo ndi ku Tembwe, ndipo chichokereni mu Ogasiti anali asanapiteko, akazi awo akulima okha. Ankayenda motsimphina, maso ofiira ndi fumbi, ndipo anasiya ngakhale kutikalipira. Mitambo inayamba kusonkhana madzulo aliwonse. Kamvula kena katagwa, anthu a m'mudzi anasangalala, ife mitima ili m'mwamba. Kenako uthenga unabwera wakuti woyendera uja afika Lachisanu, ndipo akapanda kuvomereza sadzabweranso mpaka mitsinje itaphwa. Kanta inali yoti ifike Lachinayi, ulendo wake womaliza, itanyamula mabaa.

Inafika dzuwa litakwera kale. Ndinakwera kumbuyo isanaime bwinobwino n'kuyamba kufukula makatoni. Mababu, zivundikiro za masoketi, maloko a zitseko, ndowa ina ya penti. Ndinafunsa dalaivala ngati pali kaphukusi kena kutsogolo. Anapukusa mutu, maso ali kumwamba, n'kunena kuti mchenga wa mumtsinje waukulu wa panjira wayamba kale kunyowa. A Goma anakwera pa chulu. Foni ya abwana inali yothimitsa. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako anatsika, anabwera kwa ine n'kusolola sikuludilaiva m'thumba la ovolosi yanga.

Anayambira nyumba ya a Madamu. Inali nthawi yopuma ana asukulu, ndipo eni nyumbawo anali pakhomo ndi tsache lawo. A Goma anachotsa matepi anga n'kuyamba kulowetsa mawaya akuda pa baa ya ethi. Mabowo atatha anayamba kupota awiriawiri, pena atatu, n'kumanga sikuluwu mpaka mitsempha ya dzanja kutukuka. Ndinawauza kuti ethi likeji sivomera zimenezo. Anati tione kaye. Popeza magetsi enieni anali asanalumikizidwe, tinakoka jenereta ya kampani n'kuilumikiza pa malo a mita, nyutulo yake titaimanga ku ethi monga zimakhalira pamenepo. A Goma anakweza swichi. Babu la pabalaza linayaka.

A Madamu anaponya tsache n'kuwomba m'manja, misozi ili m'maso. Ine ndinamva chisoni, chifukwa ndinkadziwa kuti babu limodzi limadya magetsi ochepa kwambiri moti ethi likeji inali isanamve kanthu. A Madamu anathamangira ku sitolo kukatenga ketulo yawo ya magetsi, imene inali m'katoni chichokereni ku Kabwe. Anathiramo madzi, kulowetsa pulagi, kukanikiza. Dibi inangoti kha, babu n'kuzima. A Goma anakwezanso swichi, inagwanso. Anayesa soketi ya kukhitchini, chimodzimodzi.

Anandikokera pakona n'kulankhula motsitsa mawu. Anati tidutsitse mawaya kuseri kwa ethi likeji, magetsi aziilambalala, swichiyo ingokhala pamenepo yooneka ndi maso. Nyumba zonse zitha lero, mawa zivomerezedwa, mabaa tidzaika mvula ikatha. Anati manja awo akunjenjemera, ntchito yotere imafuna zala zing'onozing'ono, ndichite ndine.

"Esinati, pa boma ni nyumba zingati zili na ethi likeji?" anandifunsa. "Ya amayi ako ili nayo? Nanga anthu afa?"

Ya amayi inalibe, ndipo a Goma ankadziwa. Ndinaima pamenepo thukuta likutsika m'miyendo, mutu ukufunafuna njira ina. Makonekita amene tinali nawo anali ang'onoang'ono a mababu, sitovu ikanawasungunula. Kudula baa pakati n'kukhoma theka pa thabwa, mabowo sakanakwana, ndipo woyendera akanangotseka bokosi n'kubwerera. Ndinkafunitsitsa kuti zitheke. Ndinali nditatopa ndi mileme, nditatopa ndi tchizulo, ndipo ntchitoyi inali yoyamba, sindinkafuna kuti ikhalenso yomaliza. Koma maso anga anali pa simenti yatsopano ya m'nyumbamo, yosalala bwino, ndipo ndinkadziwa mmene idzakhalire masana a nyengo yotentha. Ndinawauza a Goma kuti sindichita.

A Madamu anali ataona kuti zinthu sizili bwino. Anafunsa kuti chavuta n'chiyani. A Goma anandiponyera diso loti ndikhale chete, n'kuwauza kuti ndi kanthu kakang'ono, tikonza pompano. A Madamu anatembenukira kwa ine.

"Mufana wanga, niuze iwe."

Ndinawauza zonse. Ndinati swichi imene ikugwayo ndi imene imateteza munthu, ndipo ikugwa chifukwa mawaya aphatikizidwa pamene sayenera. Tikhoza kuilambalala magetsi n'kuyaka, koma tsiku lina ketulo ikadzaonongeka mkati, kapena waya akadzamasuka, chitsulo chidzakhala ndi magetsi, ndipo sipadzakhala chothimitsa msanga. Munthu wovala nsapato pansi pouma mwina angangodzidzimuka n'kutukwana. Mwana wopanda nsapato pa simenti yonyowa sangapulumuke choncho.

 A Madamu anayamba kundichonderera, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Anati sadzathira madzi pansi. Anati ketulo azidzaika pamwamba, sitovu sadzagula, azidzaphika pa mbaula. Anati ndi miyezi yochepa chabe mpaka mabaa adzafike. Ndinawafunsa ngati akukhulupirira kuti abwana amene alephera kutumiza tizitsulo ife tili pompano adzatumiza munthu nyumba zitavomerezedwa kale. 

"Nagona na iwe matiresi imodzi," anatero a Madamu. "Uziba kuti mwana wanga ninamuona liti. Manje ni iwe uzanichita izi?"

Ndinangoti, "Pepani ba Madamu, siningakwanitse." Mawu anatuluka ouma ngati a munthu wa mu ofesi, pamene mkati ndinkafuna kukhala pansi n'kulira nawo.

A Goma anakhala pa ndowa ya penti, sikuludilaiva ili m'manja. Akanatha kuchita okha ndi manja onjenjemerawo, ndipo ine sindikanawaletsa. Anayang'ana dibi, anayang'ana a Madamu. Kunja bingu linagunda chakum'mawa, dalaivala n'kuliza hutala. Sindikudziwa ngati mawu anga anawafika pamtima, kapena anangoona kuti chinthu chimene chanenedwa pamaso pa mwini nyumba sichingabisikenso. Mwina anangotopa. Anandiponyera sikuludilaiva pamapazi.

"Masula. Tipakire, mvula ingatitsekere kuno."

Anakwera pa chulu kukauza woyendera kuti asavutike kubwera. Ine ndinathimitsa jenereta n'kumasula mawaya akuda aja mmodzimmodzi, kuwaongola ndi pulayasi pamene anapotoka, kudula nsonga zimene sikuluwu inatafuna, kukulunganso tepi. Ndinazungulira nyumba zonse kutseka madibi kuti mavu asamangemo. Palibe amene ankandilankhula. Omanga amene anatsala ankaponya mawilibala pa kanta mokwiya, pakuti nawonso ankayembekezera kuti mawa ntchito itsekedwa. Aphunzitsi aakulu anabwera, anamva nkhani, anangoti chabwino, n'kubwerera ku ofesi manja ali kumbuyo.

Chikwama changa cha zovala chinali ku sitolo. Ndinapitako mapazi akulemera. Ndinapeza a Madamu atakhala pa matiresi, ketulo ataibwezera m'katoni, foni ili m'manja. Zovala zanga zimene zinali pa chingwe anali atazipinda n'kuziika m'chikwama. Ndinayamba kufotokozanso, kuti mvula ikatha ndi ntchito ya m'mawa umodzi, kuti madibi sindinagule ndine. Anakweza dzanja kuti ndileke.

"Naziba kuti wachita bwino," anatero osandiyang'ana. "Koma usayembekeze zikomo lelo. Yenda, nifuna nikwere pa chulu nikauze amayi."

Tinawoloka mtsinje waukulu madzi atafika theka la matayala, mvula ikutimenya kumbuyo kwa kanta. A Goma anakhala kutsogolo. Titafika pa boma anandiuza mwaulemu kuti abwana akadzandifuna adzandiimbira. Sanaimbe, ndipo panapita nthawi yaitali ndithu ndisanapeze ntchito ina.

Lero ndimawaya nyumba ndi masitolo pa boma, nthawi zina mpaka ku Lundazi. Nyutulo ndi ethi sindiphatikiza m'dibi, kaya mwini nyumba adandaule bwanji, ndipo waya wakuda aliyense ndimamupatsa bowo lake. Atandibwezera tsiku lija ndikhoza kukananso. Koma ndinasiya kukhulupirira zimene ankatiuza kusukulu, zoti ukatsata malamulo a ntchito mtima umakhala m'malo. Lamulo likatsatidwa tsiku lomaliza pamakhala wina wolisenza, ndipo kawirikawiri si ife a zamagetsi. N'chifukwa chake dibi ndimaitsegula m'sitolo momwemo, ndisanakwere galimoto, ndipo ikasowa baa sindinyamuka. Ena amati ndine wovuta, ndimangowavomera.

A Goma ndinakumana nawo pamsika chaka chotsatira, atasiya za kampani, akugula mbewu. Sanandisungire mkwiyo. Anandiuza kuti mabaa anafika mu Meyi, munthu wina anawaika nyumba zonse asanafike masana, koma makiyi anachedwabe mpaka mu Julayi. A Madamu anakatenga mwana pa holide ya Ogasiti. Ndinafunsa ngati Mapalo anazolowera. A Goma anati anazolowera, kungoti masabata oyamba ankalira kufuna agogo ake, ndipo mwanayo ankawaitana amayi ake kuti anti.